Khutu la Kumanja

Chipepala achimata pa geti ndi selotepi,
ngodya imodzi yamatuka, ikuphupha ndi mphepo:
wodikirira mmodzi yekha, wamkazi.
Chakudya chophika kunyumba ayi.
Odzazonda ayi, kufikira kolera itatha.

Ndawerenga katatu,
ngati kuti kachitatuko chisintha maganizo.

Mlonda, Che Mpaweni, timadziwana.
Ndinawakwezapo ulele pa kabaza yanga
tsiku lina mvula itawapeza ku M'baluku.
Lero akundiyang'ana pachipumi, osati m'maso.
"Sambani m'manja, achimwene."
Ndasamba pa ndowa ya kolorini.
"Tsono ndilowe?"
"Ayi. Kusamba n'kwa onse, wolowa ndi wotsala."

Phala la mpunga lomwe ndinaphika mbandakucha,
maso akulira utsi,
lazizira pa keriyala ya njinga.

Pansi pa mtengo wa nimu tilipo ambiri,
amuna onga katundu woiwalika pa depoti.
Wa ku Namwera wafukata beseni latsopano,
mtengo wake udakalembedwa kunsi.
Wa ku Malindi wagona masiku atatu pakhonde la golosale,
akuti mkazi wake ngwa mapasa.
Palibe akukweza mawu,
poti kuseri kwa waya tikuwaona matenti oyera aja
ndi anthu a majombo akupopera mankhwala pakhomo.

Lamuloli sindikulitsutsa.
Mwezi watha tinaika mlamu wanga Twaibu
wokulungidwa m'pulasitiki, wosasambitsidwa,
ife titaima uko ngati alendo pa maliro a eni.
Ndikudziwa chimene chipepalachi chikutchinga.
Koma chatchinga ndi ine ndemwe.

Foni yangolira kamodzi n'kuduka.
Apongozi, Abiti Mdala, aflasha.
Ndaimba, chala chikunjenjemera.
"Wabadwa. Wamkazi.
Sakina watopa, koma wamwa madzi, akuyankhula."

Bambo anga ankati tsiku lomwe ndinabadwa
anathamanga kuchokera kumsika, mamba a nsomba ali m'manja,
kuti liwu loyamba kulowa mwa ine
likhale azana, lisakhale phokoso la dziko.

"Amayi, muikeni foni pakhutu.
Lakumanja."
"Dikirani, anamwino akumupukuta."
Ndikudikira. Mayunitsi sakudikira.

Kenako kupuma.
Kochepa, kothamanga, konga kwa mwanapiye.

Ndafulatira msewu ndi maminibasi ake,
ndatseka khutu linali ndi chala,
ndayamba.
Mayi wa chinangwa chokazinga wasiya kuitanira.
Mkulu wina wa kolona m'khosi wavula chipewa.
Mawu anga, omwe amakuwira makasitomala pa mlatho wa Shire,
atuluka ang'ono, osweka pakati.

Ndisanafike n'pakati pomwe,
mayi wa kukampani walowerera mwaulemu wake
kundiuza kuti ndalama zanga zatha.

Ndaima ndi theka la azana m'kamwa.

Wa ku Malindi uja sanafunse kanthu.
Wangotulutsa kafoni kake komanga ndi mphira:
"Muli zochepa. Musapatse moni."
Ndipo mwana wanga wamva zotsalazo
pa nambala ya munthu amene dzina lake sindilidziwa.

Madzulo apongozi aima pa windo lakutali,
lachitatu kuchokera pa thanki,
akweza kamtolo m'mwamba.
Nkhope sindinaione.
Ndaona chitenje chachikasu chija
ndinagula mongongola kwa Abiti Ndembo,
ndi kena kake kakugwedezeka m'kati,
mwina phazi, mwina maso anga chabe.

Akuti mawa, akapanda kutentha thupi, atuluka.

Phala lija tagawana ndi wa mapasa,
iye pa chivundikiro, ine m'kontena.
Che Mpaweni atiyang'ana, ayang'ana chipepala chawo,
n'kutembenukira kwina.

Pochoka ndabwerera pa ndowa ija.
Palibe wandituma.
Ndasamba mpaka m'zigongono, pakati pa zala,
pansi pa zikhadabo pomwe pamakhala girisi wa tcheni,
kuti mawa akadzati nayu,
manja adzakhale okonzeka.